Manudozi a Apongozi Anga

Apongozi anga, Mayi Pei, anafika zaka 78 asanaphikepo chakudya choti munthu n'kupempha china. Sindikuwanyoza ayi. Moyo wawo wonse ankang'amba matikiti pa ngalawa yowolotsa anthu pa mtsinje wa Yangtze, kuchoka ku Hankou kupita ku Wuchang, ndipo ankadyera ku kantini ya kuntchito. Kunyumba wophika anali malemu amuna awo, ndipo iwo atamwalira wophika ndinakhala ine. Tsiku lina ndili kuchipatala ndi mwana, apongozi anayesa kuphika mpunga. Poto ameneyo tinamutaya ndi mpunga wake womwe.

Inenso sindinabadwe wophika. Dzina langa ndine Rao Xiulan. Ndinagwira ntchito zaka 19 mu fakitale ya mazipi ku Hanyang, mpaka tsiku limene anatisonkhanitsa pabwalo n'kutiuza kuti makina akusamukira kwina. Ndinali ndi zaka 46, ndipo kulikonse kumene ndinkafunsira ntchito ankayamba andiyang'ana kumutu. Basi ndinaganiza zoyamba geni ya manudozi a chitowe, chakudya cha ufa wa tirigu chonga tizingwe chimene aliyense mu mzinda wathu wa Wuhan amadya m'mawa. Ndinaphunzirira pa foni. Kanema mmodzi ndinkamuonera kakhumi, kuimitsa, kubwezera m'mbuyo, kenako n'kukayesa. Ndinatsukanso mbale miyezi itatu pa sitolo ya bambo wina wa ku Caidian, manja anga ali m'madzi koma maso ali pa manja ake. Ndinapsa mikono yonse iwiri ndisanadziwe nthawi yovuulira manudozi m'madzi, kuwapaka mafuta ndi kuwaziziritsa kuti asamatirirane, ndiponso kusungunula chiponde cha chitowe mpaka chizitsika pa supuni ngati ulusi.

Ndinachita lendi kachipinda mu kanjira kena ka ku Hankou, kuseri kwa depoti ya mabasi. Ndinaikamo matailosi oyera, firiji yatsopano, mipando yapulasitiki yofiira, ndipo pakhomo ndinakhomapo chikwangwani choyaka magetsi. Ogula anga anali madalaivala a mabasi, amayi osesa kuchipatala ndi ana a sukulu. Ambiri sankakhala n'komwe pansi. Ankalandira mbale yawo yapepala n'kumatakasa ndi timitengo todyera akuyenda, akuwoloka msewu, ena akuthamangira basi. Palibe amene ankandiyamikira, koma mawa lake ankabweranso, ndipo kuno kuyamikira n'komweko.

Apongozi ankanditsatira m'mawa uliwonse chifukwa kunyumba kwathu, pa nsanjika yachisanu, kumatentha ngati mu uvuni. Ankakhala pakhomo, n'kumadzikupiza ndi chikatoni ndi kuona zolakwa za anthu odutsa.

Tu Wenbin anatulukira m'mwezi wa Epulo. Anali bambo wa zaka za m'ma 30, wonenepa masaya, ndipo kale ankagulitsa nyumba. Nyumba zitasiya kugulidwa, anayamba kugulitsa tinjira. Ankatenga alendo a ku Shanghai, a ku Beijing ndi azungu, n'kumawayendetsa wapansi m'makwalala akale kuti alawe chimene ankachitcha chakudya chenicheni cha eni mzinda. Ankanyamula kambendera kachikasu, m'chiuno anamangirira kasipika, ndipo kwa azungu dzina lake linali Kevin.

Tsiku loyamba anabwera yekha. Anadya mbale imodzi, ananyambita timitengo, n'kunena kuti manudozi anga ndi abwino kuposa a masitolo otchuka. Ndinakondwa, sindibisa. Kenako anafunsa mbiri ya geni yanga, ndipo ndinamuuza za fakitale ndi za foni. Anagwira kumutu.

"Asisi, zimenezo musamauze anthu," anatero. "Munthu sangakwere sitima kuchokera ku Shanghai kudzadya chakudya cha pa foni. Foni ali nayo kwawo."

Ndinamuuza kuti mbiri ina ndilibe. Pamenepo maso ake anagwera pa apongozi, amene anali akukalipira mayi wina chifukwa choimika njinga pakati pa njira. Anafunsa kuti ndi ndani, ndipo nditamuuza anafunsanso ngati amaphika. Ndinaseka mpaka kugwira tebulo. Iye sanaseke. Anawayang'ana kuyambira ku imvi mpaka ku masilipasi, mmene ndikuganiza kuti ankayang'anira nyumba asanaiikire mtengo.

Loweruka anabwera ndi alendo asanu ndi anayi. Ine ndinali pa poto, koma kasipika kaja kankamveka mpaka ku depoti. Ndinamva kuti pakhomo panga pakhala Agogo a Pei, amene anayamba kuphika manudozi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinamva kuti kaphikidwe kake kanachokera kwa agogo awo aamuna, ndipo m'chaka cha chigumula chachikulu chija, nyumba itakokoloka, kamtsikanaka kanasiya zovala ndi nsapato n'kupulumutsa mtsuko wa chiponde cha chitowe, kuusenza pamutu, madzi akulekeza m'chiuno. Ine ananditchula pamapeto, kuti ndine mpongozi amene ndimathandizira agogo tsopano popeza manja awo atopa.

Apongozi anamva zonse. Anaimirira, kumuloza Tu ndi chikatoni chija, n'kumuuza kuti ndi wabodza wopanda manyazi, kuti chaka cha chigumula iwo anali kwa amalume awo ku Huangpi akudwala chikuku. Koma akakwiya amalankhula chilankhulo cha kuno chenicheni, mothamanga, moti a ku Shanghai anangotolapo mawu awiri. Tu anamasulira mofatsa, poyamba kwa a ku Shanghai, kenako m'Chingerezi, ndipo alendo onse anagwira pamtima. Ndinamva pambuyo pake kuti anawauza kuti agogo akuti sakonda kutamandidwa.

Mzungu wina wamkazi, wamkulu ndithu, anagwada pasimenti ndi thalauza lake loyera. Anatenga manja a apongozi, kuwatembenuza, kuyang'ana zala zopindika ndi nyamakazi, n'kuyamba kugwetsa misozi. Apongozi anasiyira mawu pakati. Chimwalirire amuna awo, sindikudziwa ngati panali munthu amene anawagwirapo manja kupatula namwino. Madzulo tinabwerera kunyumba. Tikudya, anafunsa mwana wawo, mwamuna wanga Kuang Deming, kuti mzungu uja amalira chiyani. Deming anati amalira chifukwa cha ntchito imene manja awo anagwira. Apongozi anayang'ana manja awo kanthawi.

"Agwiradi ntchito," anatero.

Kuyambira pamenepo Tu ankabwera katatu pa sabata, ndipo ulendo uliwonse ankakhala ndi dandaulo. Chikwangwani cha magetsi chinkamuwonongera zithunzi, ndiye ndinachizula, iye n'kubweretsa thabwa lolembedwa ndi inki yofufuma. Mipando yofiira anati ikuoneka ngati ya pa ukwati, tinaisintha ndi ya nsungwi yogwedera imene anakatola kwa ogulitsa zakale. Firiji yanga, imene ndinkaipukuta tsiku lililonse, tinaifunditsa chiguduli. Anabweretsanso chimpoto chakuda chobooka pansi, n'kuchiika pakhomo kuti ndi chimene agogo anayambira. Ine ndinkasungiramo anyezi. Atanena zogumula matailosi ndinakana, ndipo tinagwirizana kuti ndingosiya kutsuka khoma la pafupi ndi khomo. Ndinadandaula kwa Deming, koma iye ndi mlonda wa pamalo oimika magalimoto, ndipo anazolowera kuti galimoto ikalowa safunsa kumene yachokera. Anati wogula ndi wogula.

Apongozi nawo anaona kuti munthu wojambulidwa katatu pa sabata sangamaoneke ngati wosiyidwa. Lachitatu lina anasowa masana onse, ndipo anabwera tsitsi lili bii, lopotanapotana, atavala bulauzi yapepo yonyezimira. Anaoneka ngati achotsapo zaka khumi. Tu atawaona m'mawa mwake anatsala pang'ono kulira. Anawachonderera, kuwatchula amayi, kuwatchula agogo, kuwauza kuti alendo amalipirira imvi zija. Apongozi anati imvi ndi zawo, sanazibwereke kwa iye. Koma tsiku limenelo palibe mlendo amene anagwada, ndipo mzungu wina anafunsa kuti agogo enieni aja apita kuti. Mawa lake anabwera atamanga duku lakale ndi malaya abuluu a malemu amuna awo, ndipo duku limenelo sanalivulenso pamaso pa alendo.

Sindikudziwa tsiku lenileni limene anasiya kukana nkhani ija. Poyamba ankangokhala chete Tu akamafotokoza. Kenako anayamba kugwedeza mutu. Patapita mwezi anayamba kumukonza. Madzi sankalekeza m'chiuno ayi, ankalekeza m'khosi. Pa mtsuko paja panakwera njoka, iwo n'kuyenda nayo osaigwetsa. Tu ankati kaphikidweka ndi ka mibadwo itatu, iwo anati inayi. Tu ankalandira zonse ndi manja awiri.

Wogula wanga wina, Madala Dou, dalaivala wopuma ntchito, ankawadziwa apongozi kuyambira kale. Tsiku lina, alendo ali mbwee pakhomo, iye akulephera kufika pa poto, anakweza mawu kuti mayi awa amawakumbukira bwino, ankang'amba matikiti pa ngalawa ndi kuponyera anthu chenji pansi. Mtima wanga unadumpha, mwina ndi mantha mwina ndi chimwemwe. Koma Tu anamukumbatira paphewa n'kulengeza kuti nayi mboni, agogo ankagwira ntchito pa ngalawa masana ndi kuphika m'bandakucha kuti alere ana. Alendo anawomba m'manja, anamukhazika Dou pafupi ndi apongozi, n'kuwajambula awiriwo. Sabata isanathe, Madala Dou anali atakumbukira kuti anadyapo manudozi a Agogo a Pei ali mwana wa sukulu, ndipo kukoma kwake sanakuiwale.

Chimene chinandipweteka chinabwera pambuyo. Ndinali ndikuthira chiponde m'mbale, alendo atandizungulira ndi mafoni, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Xiulan, dzanja limenelo. Ndinakuuza kangati kuti uzithira mozungulira?"

Ndinatembenuka. "Amayi, munandiuza liti?"

"Mwaona?" anatero kwa alendo. "Samvetsera. Ana a masiku ano."

Alendo anaseka mokondwa, Tu anamasulira, azungu nawo anaseka. Ine ndinathira mozungulira, monga mmene ndinkathirira kale lonse. Kunyumba ndinauza Deming kuti alankhule ndi mayi ake. Anati ndi okalamba, ndiwasiye, ndipo kuyambira tsiku limenelo anayamba kulawirira kuntchito.

M'mwezi wa Seputembala Tu anabwera akupuma mofulumira. Anati wakopa mnyamata wina wotchuka pa foni, wodzitcha Bambo Mimba, amene ntchito yake ndi kuyendayenda m'mizinda kudya pamaso pa kamera, anthu mamiliyoni n'kumamuonera. Anafika Lachisanu ndi anzake awiri, wina wa kamera wina wa magetsi. Anali wowonda ngati timitengo todyera, ndipo asanayambe kujambula ankangomwa madzi otentha, nkhope ili ndwii. Anazungulira sitolo, anayamikira chimpoto cha anyezi, kenako ananena kuti iye sajambula ampongozi. Ankafuna agogo aphike okha.

Ndinamukokera Tu pambali n'kumukumbutsa za poto amene tinataya. Iye anali atatuluka kale thukuta. Anayamba kufotokozera mnyamata uja kuti manja a agogo atopa, koma apongozi anali ataimirira kale, akupinda manja a malaya abuluu aja. Anandiuza kuti ndichoke pa moto wawo.

Manudozi amenewa amangofuna kuviikidwa m'madzi owira kanthawi kochepa, chifukwa amakhala ataphikidwa kale dzulo lake. Apongozi anawaponya m'madzi n'kutembenukira ku kamera kufotokoza za njoka. Pamene ankamaliza, manudozi anali atatupa, akudukaduka okha. Anawakhuthulira m'mbale ndi madzi ake omwe. M'malo motunga chiponde chosungunula, anatsegula chidebe cha chiponde chouma n'kukumba chibuluma chonse, chimene chinakhala pamwamba ngati mwala. Anaiwala msuzi wa soya. Anatenga botolo la shuga, limene ndimathirako kunsonga kwa supuni, n'kuthira masupuni awiri odzaza. Viniga anathira ngati akutsuka mbaleyo.

Magetsi atayaka, nkhope ya Bambo Mimba inasintha, inakhala ya munthu amene sanadye masiku atatu. Anatakasa movutikira, anatapa, anaika m'kamwa. Ndinaona khosi lake likukana. Anatseka maso nthawi yaitali, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuganiza zobwezera chikwangwani changa cha magetsi. Atatsegula maso, munali misozi. Viniga wochuluka chotero amatulutsadi misozi.

Anauza kamera kuti wadya manudozi a chitowe m'masitolo oposa zana, ndipo onse amakoma mofanana chifukwa amaphikidwa kuti asangalatse lilime. Koma awa, anatero, safuna kusangalatsa munthu. Awa ndi kukoma kwa nthawi ya mavuto, kuwawasa kwa chigumula, kutsekemera kwa mwana amene wapulumuka. Anati mzinda wathu unaiwala kukoma kumeneku. Anagwira manja a apongozi, wa kamera anayandikira pa zala zija, ndipo magetsi atazima anapempha madzi otentha ndi malo olavulira.

Kanema wake atatuluka pa foni, Lolemba mzere unayambira pakhomo panga, kudutsa kwa wosoka nsapato, kukhota, mpaka pa geti la depoti. Onse ankafuna mbale ya agogo. Ndikawapatsa yanga ankaibweza, amati imeneyo ndi ya mpongozi, ya masiku ano, yamalonda. Apongozi anaima pa poto masiku atatu. Anthu ankadya atakwinya nkhope, kujambula, n'kulemba pa foni kuti poyamba sumvetsa koma kenako umamvetsa. Mtsikana wina wa ku Beijing anandiuza kuti amene sakonda manudozi a agogo ndiye kuti lilime lake linawonongeka ndi zakudya za m'mafakitale. Mbale zambiri ndinkazipeza m'bini zili ndi theka, koma palibe amene ananena poyera kuti sanamalize.

Tsiku lachinayi phewa la apongozi linakana kudzuka. Tu anati palibe vuto, agogo azikhala pafupi ndi poto n'kumalangiza, ine ndiziphika. Ndinayesa kuchita chinyengo, kuphika mwanga koma kuwonjezera viniga pang'ono. Bambo wina amene anabwera kachiwiri anazindikira, anati awa akukoma kwambiri, si a agogo. Ndiye apongozi anakokera mpando wawo wa nsungwi pafupi, n'kuyamba kundiphunzitsa. Ndisawavuule msanga, ndidikire mpaka atupe. Chiponde ndisachisungunule. Shuga masupuni awiri, odzaza, osati onyenga. Ndinali nditakhala nawo zaka 24, ndipo aka kanali koyamba kuti andiphunzitse chinthu cha kukhitchini. Dzanja langa linkakana, linkafuna kuvuula pa nthawi yake, ndipo iwo ankalimenya ndi chikatoni. Alendo ankakonda kwambiri pamenepo.

Ogula anga akale anasowa. Dalaivala wa basi sangaime pa mzere ola lathunthu, ndipo amene anaimapo sanabwerenso. Tsiku lina ndinakumana ndi Mayi Xiong, mmodzi wa amayi osesa kuchipatala aja, akudya manudozi a sitolo ina akuyenda. Anabisa mbale kumbuyo ngati ndawagwira akuba. Anandifunsa ngati ndadwala, chifukwa anamva kuti dzanja langa linasintha. Ndinafika kunyumba mtima ukuwawa kuposa tsiku limene fakitale inatsekedwa.

Sitolo yanga ili ndi kakhomo kakumbuyo, kotulukira kumene timataya zinyalala. Ndinayamba kutsegula kumeneko kuyambira 5 koloko mpaka 7 koloko m'mawa, alendo asanadzuke m'mahotela mwawo, n'kumaphika mwanga. Ndinauza Mayi Xiong okha, ndipo pasanathe sabata madalaivala onse anali atabwerera. Madala Dou nawonso ankabwera kumbuyoko kudzadya, kenako n'kuzungulira kutsogolo 9 koloko kukakhala mboni.

Apongozi ankafika cha m'ma 8, ndipo ndinkaganiza kuti sakudziwa. Koma m'mawa wina anatulukira kukhomo lakumbuyo 6 koloko, ndi ndodo yawo, opanda duku. Anayang'ana madalaivala, anayang'ana poto, anakhala pa kreti ya mabotolo. Ndinadikira kukalipiridwa.

"Ndipatse mbale," anatero.

Ndinafunsa kuti ya mtundu uti.

"Usandipusitse, Xiulan. Yako. Akutsogolo aja sadyeka."

Anadya mwakachetechete mpaka kupala mbale. Atamaliza anati anyezi wachepa, n'kumanga duku lawo, kuzungulira kutsogolo kukadikira alendo. Sitinakambiranenso za zimenezi, koma m'mawa uliwonse kreti ija inkakhala yawo.

Tu anatitulukira patapita milungu isanu. Anali akufunafuna malo oimika njinga yake yamoto, n'kuona madalaivala akutuluka kuseri ndi mbale zapepala. Ndinayembekezera kuti akwiya, koma maso ake anawala. Anati uwu ndiye mgodi, khomo lachinsinsi limene eni mzinda okha amalidziwa. Ndinamuuza kuti kumbuyo kuno si kwa alendo. Anavomera, anapepesa, ndipo Loweruka 6 koloko anafika ndi anthu khumi ndi awiri, atapinda kambendera kuti asaoneke. Anawauza kuti azilankhula monong'ona ndipo asajambule madalaivala kumaso. Madalaivala anadya mofulumira kuposa masiku onse, atatembenukira ku khoma.

Sindinathe kuwabweza anthu amene anadzuka m'mamawa chotero. Komanso, kunena zoona, ndinkafuna kuti alawe. Ndinaphika mosamala kuposa tsiku lina lililonse, chiponde chikutsika ngati ulusi, manudozi osamatirirana, mafuta a tsabola pang'ono pambali. Anamaliza onse, mbale zili mbee, ena n'kupempha yachiwiri. Kenako mayi wina wa ku Shanghai, wa magalasi aakulu, anandigwira pamkono mwachifundo. Anati ndikuyesetsa ndithu, manudozi anga ndi okoma, koma kukoma si zonse. A agogo ali ndi mzimu. Anati ndipitirize kuphunzira kwa iwo akadali moyo, mwina tsiku lina ndidzafikapo. Ndinamuthokoza. Apongozi anali pa kreti yawo, m'kamwa muli manudozi anga, ndipo anagwedeza mutu kuvomerezana naye.

Chaka chisanathe Tu anatisiya. Anabwera yekha kudzatsanzika, ndi thumba la malalanje. Anati kanjira kathu katchuka kwambiri, otsogolera alendo ena asanu akubweretsa magulu awo, wosoka nsapato wayamba kugulitsa timitsuko ta chiponde tolembedwa dzina la agogo, ndipo alendo ake akudandaula kuti malowa ndi a alendo. Iye amagulitsa malo osadziwika. Anati wapeza kanjira kena ku Wuchang, kumene kuli bambo wina wa zitumbuwa za mpunga amene sanajambulidwepo. Ndinamufunsa ngati bamboyo ali ndi mbiri. Anati akuikonza.

Mzere unapitirira miyezi ingapo, kenako unayamba kufupika. Poyamba unasiya kufika pa depoti, kenako unasiya kukhota. Anthu a pa foni anasamukira ku zitumbuwa. Pofika chilimwe china, mbale ya agogo inkafunsidwa kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ndinkaiphikabe, munthuyo n'kudya atakwinya nkhope n'kuthokoza. Ndinatseka khomo lakumbuyo, ndinavula firiji chiguduli, ndinatsuka khoma. Apongozi anapitiriza kukhala pakhomo ndi duku lawo, maso ali kumene kanjira kamalowera. Nkhani ya mtsuko ankaifotokozera ana a sukulu ndi madalaivala, koma anthu amenewa amadya akuyenda, ndipo ankafika pa njoka munthu ali kale kutsidya kwa msewu. Masiku ena, ogula akachepa, ndinkakhala pansi n'kuimvetsera ineyo mpaka kumapeto.

Mwezi watha anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Tinawagoneka kuchipatala, ine ndi Deming n'kumasinthana kuwadikirira. Tsiku lachitatu kunabwera dokotala wachinyamata kudzaona odwala. Anawerenga dzina pa khadi, anawayang'ana kumaso, n'kutsitsa faifi yake. Anati anaonera kanema wa Bambo Mimba uja ali ku koleji, ndipo iye ndi chibwenzi chake anaima pa mzere maola awiri. Anaitana anamwino kuti adzaone Agogo a Pei. Apongozi, amene usiku wonse ankabuula ndi ululu, anadzikonza tsitsi ndi dzanja lawo labwino.

Dokotala anawerama n'kuwafunsa, monong'ona, ngati angamuuzeko chinsinsi cha manudozi aja, kuti chisapite nawo. Namwino wina anamuponda phazi, iye n'kufiira nkhope, koma apongozi sanakhumudwe. Anatukula chala chawo chopindika n'kuloza pamene ndinaima, ndili ndi beseni la madzi m'manja.

"Mufunse mwana wanga uyu," anatero. "Ndinamusiyira zonse. Anachedwa kugwira, koma tsopano akutha."

Dokotala anatulutsa foni kuti alembe. Ndinaika beseni pansi, ndipo ndinamuuza kaphikidwe kanga, kuyambira pa kuvuula msanga mpaka pa shuga wa kunsonga kwa supuni. Apongozi anamvetsera atatseka maso, ndipo sananditsutse paliponse kupatula pa anyezi.